Kodi callback ya satifiketi ingobweza 1 basi? Yankho kwa achimwene a ku depoti

Ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene amagwira za IT pa kakampani konyamula katundu kuchokera kuno ku Johannesburg kupita kumudzi, Blantyre, Lilongwe mpaka Mzuzu. Dzina sinditchula, koma funso lawo ndiliika pano chifukwa ndikudziwa kuti si iwo okha:

"Achimwene, tili ndi timakompyuta ta Raspberry Pi m'madepoti mwathu, timasikana katundu n'kutumiza mayina a makasitomala, manambala a foni ndi ndalama zomwe alipira ku seva yathu ya ku ofesi. Pulogalamuyo ndinailemba mu C ndi OpenSSL. Satifiketi ya seva ndinapanga ndekha ndiye imakana kulumikiza, imangoti self signed certificate. Pa intaneti ndinapeza zoti ndiike callback yobweza 1 ndipo pano zikuyenda. Pali vuto ngati? Si zonse zikudutsabe mu encryption? Ngati vuto lilipo ndilembe bwanji callback yoti izilandira satifiketi yangayo yokha?"

Achimwene, vuto lilipo, lalikulu ndithu, ndipo ndikupemphani kuti mzere umenewo muuchotse sabata yomwe ino. Koma mwachita bwino kufunsa, ambiri zikangoyenda amatseka laputopu n'kumapita.

TLS, njira imene OpenSSL imatetezera kulumikizanako, imagwira ntchito ziwiri. Imabisa zomwe mukutumiza, komanso imatsimikiza kuti amene ali mbali inayo ndi yemweyo mukumufunayo poona satifiketi, yomwe ili ngati chiphaso chake. Callback yanu, ka code kamene OpenSSL imafunsa ngati ipitirize (1) kapena ikane (0), yasunga yoyambayo n'kupha yachiwiri, ndiye chovuta n'chakuti yoyambayo payokha siimirira. Inu ndinu a katundu mundimva msanga: chikwama mwachikhoma bwinobwino ndi loko wamkulu, koma chikwamacho pamodzi ndi kiyi wake mwapatsa munthu woyamba amene wakuuzani pa Park Station kuti dalaivala ndi iyeyo, osamufunsa n'komwe chiphaso. Munthu akakhala pakati pa ka Pi kanu ndi seva, amangopanga satifiketi yakeyake, Pi imailandira poti callback yati 1, encryption imachitikadi koma ikuchitika ndi iyeyo, amawerenga zonse, akafuna amasintha ndalama yomwe yalembedwa, kenako amatumiza ku seva yeniyeni ndipo inu pa sikirini mumaona zonse zili bwinobwino. Palibe error, palibe chilichonse chokudabwitsani.

Mwina mukuti ndani angavutike ndi kakampani ngati kathu. Taganizani za Wi-Fi ya m'depotimo, ndi anthu angati amadziwa password yake, madalaivala, anyamata opakira, wa shopu yoyandikana nayo amene anapempha tsiku lina. Zida zochitira zimenezi monga mitmproxy ndi zaulere ndipo sizifuna digiri. Komanso zomwe mukutumizazo ndi za mtengo kwa wakuba: dzina la mayi wa ku Mangochi, nambala yawo, katundu amene akumuyembekezera ndi tsiku lofika. Munthu wokhala ndi zimenezo akhoza kuwaimbira foni n'kuwauza kuti katundu wagwidwa pa boda tumizani kangachepe, ndipo akhulupirira chifukwa akutchula zonse molondola. Izi n'zimene zimandiwawa ine, olipira mtengo wa mzere umodzi umenewu ndi abale athu omwe sanaonepo code. Musaiwalenso kuti lamulo la POPIA lakhala likugwira ntchito mokwanira kuno kuyambira pa 1 July 2021, ndipo limafuna kuti aliyense wosunga mbiri za anthu aziteteze moyenera, chindapusa chake chimatha kufika R10 miliyoni. Abwana anu akamati tilibe nthawi, auzeni chimenecho.

Matendawa ndi akale. Mu 2012 ofufuza a ku Germany anayesa ma app a Android 13,500 n'kupeza kuti oposa 1,000 anali ndi code yolandira satifiketi iliyonse kapena dzina lililonse. Chaka chomwecho ena a ku University of Texas ndi Stanford anapeza zomwezo m'mapulogalamu olipirira ndalama ndi ena ambiri omwe si mabrauza, ndipo iwo analoza chala kwambiri kapangidwe ka ma library, kuti ndi kosokoneza. Pamenepo ndikugwirizana nawo, OpenSSL siyithandiza munthu woyamba kumene.

Tsono tione chimene chimachitika callback yanu isanaitanidwe, chifukwa mukachimvetsa chimenechi theka la funso latha. Seva imatumiza satifiketi yake, nthawi zambiri pamodzi ndi ina yapakati. OpenSSL imayesa kumanga tcheni kuchokera pa satifiketi ya sevayo kukafika pa root, satifiketi ya pamwamba pa zonse, imene ili mu sitolo ya masatifiketi omwe inu mwati mumawakhulupirira. Imaona ngati siginecha iliyonse ikugwirizana ndi kiyi ya amene ali pamwamba pake, ngati masiku sanathe kapena sanayambe, ngati amene wasayinayo ali ndi chilolezo chokhala CA, kutanthauza wosayina masatifiketi a ena. Callback imene munaika pa SSL_CTX_set_verify siitanidwa kamodzi ayi. Imaitanidwa pa satifiketi iliyonse ya mu tchenimo, kuyambira ku root kutsika mpaka pa depth 0 pamene pali ya seva, komanso nthawi iliyonse pakapezeka cholakwika. Nambala yoyamba imene imalandira, preverify_ok, ndi chigamulo cha OpenSSL: 1 ngati yakhutira, 0 ngati yapeza vuto. Inu mukabweza 1 pamene iyo yati 0 ndiye kuti mwaiuza kuti ndamva koma pitiriza. Mukatero pa chilichonse, ntchito yonse ija yagwiridwa pachabe.

Pali zinthu ziwiri zimene OpenSSL sichita pokhapokha muiuze, ndipo chachiwiricho chimagwetsa ngakhale akatswiri. Choyamba, mukapanda kuika SSL_VERIFY_PEER imayambira pa SSL_VERIFY_NONE, kutanthauza kuti kulumikizana kumapitirira ngakhale satifiketi ikhale yabodza. Chachiwiri ndi dzina. Tcheni chikhoza kukhala chabwinobwino, chosayinidwa ndi CA yeniyeni, koma satifiketiyo ndi ya webusayiti ya munthu wina. Aliyense amene ali ndi domain akhoza kutenga satifiketi yovomerezeka lero lomwe kwaulere, ndiye ngati simuona dzina, iyonso ilowa. Kale anthu ankalemba okha code yofananitsa mayina ndipo ambiri ankaphonya, koma kuyambira pa OpenSSL 1.0.2 pali X509_VERIFY_PARAM_set1_host, ndipo kuyambira 1.1.0 pali njira yachidule SSL_set1_host. Itaneni imeneyo handshake, kupatsana moni koyamba kwa Pi ndi seva, isanayambe. Musaisokoneze ndi SSL_set_tlsext_host_name, iyo ndi ya SNI, imangouza seva dzina lomwe mukufuna, siyitsimikiza kanthu. Zonse ziwiri zimafunika.

Tibwere pa error yanu. Self signed certificate ndi nambala 18, X509_V_ERR_DEPTH_ZERO_SELF_SIGNED_CERT, ndipo OpenSSL sikulakwitsa, ikunena zoona: satifiketiyi yadzisayina yokha ndipo palibe amene anandiuza kuti ndiikhulupirire. Apa pali msampha wina umene ndikufuna muuzembe, chifukwa ndi umene anthu amagweramo akangochoka pa return 1. Amalemba kuti ngati error ndi 18 bweza 1, zina zonse kana, n'kumaona ngati amanga chitetezo. Koma wakuba uja satifiketi yake ndi yotani? Yodzisayina yokha, error yake 18 yomweyo, amaipanga ndi lamulo limodzi la openssl req m'masekondi ochepa, ndipo dzina, kampani, mzinda, amalembamo zomwe akufuna. Ndiye kufananitsa dzina la mu satifiketi yosatsimikizidwa kulibenso phindu, wina aliyense akhoza kulemba dzina la seva yanu.

Yankho lenileni la vuto lanu silifuna callback n'komwe. Mukufuna kuuza OpenSSL amene iyenera kumukhulupirira, ndipo malo ake ndi sitolo ija. Njira yachangu ndi kukopera satifiketi ya seva, ya .pem ija osati kiyi yachinsinsi chonde, kuiika pa Pi iliyonse n'kuiloza ndi SSL_CTX_load_verify_locations. Error 18 itha pompo, ndipo satifiketi ina iliyonse ikanidwa chifukwa wakuba alibe kiyi yachinsinsi yanu. Koma ine ndingakonde mupite patsogolo pang'ono, mupange CA yanuyanu. Mupange kiyi ndi satifiketi ya root ya zaka zingapo, ndi imeneyo musayine satifiketi ya seva ya nthawi yochepa, ndipo pa ma Pi muike root yokhayo. Ubwino wake muuona tsiku limene satifiketi ya seva yatha kapena seva yabedwa, ndipo kuno kubedwa kwa kompyuta mu ofesi si nthano: mumangosayina ina, osayenda depoti ndi depoti kukasintha mafayilo. Openssl yomweyo imatha zonsezi, kapena easy-rsa, kapena step-ca ngati mukufuna kuti izidzikonzanso yokha. Kiyi ya root isakhale pa seva, isakhale mu Git, isatumizidwe pa WhatsApp. Ikhale pa flash ziwiri zotsekedwa ndi password, malo awiri osiyana.

Posayina ya seva dzina muliike m'gawo la satifiketi lotchedwa subjectAltName. Kale dzina linkaikidwa mu Common Name koma Chrome inasiya kuyang'ana kumeneko mu 2017, chilankhulo cha Go nacho chinasiya pa version 1.15, ndiye musazolowere za kale. Ngati ma Pi anu amalumikiza ndi IP osati dzina, IP imeneyo ilowe mu subjectAltName ngati IP osati ngati DNS, ndipo mu code mugwiritse X509_VERIFY_PARAM_set1_ip_asc. Komabe dzina ndi labwino kuposa IP, mukasamuka ofesi simuyambiranso.

Chinthu china chimene anthu sachiona: mukaika root yanu yokha, osaitana SSL_CTX_set_default_verify_paths, pulogalamu yanu imakhala yokhwima kuposa brauza. Brauza imakhulupirira ma root oposa 100 a makampani ndi maboma osiyanasiyana, ndipo iliyonse mwa iwo ikhoza kusayina dzina lililonse. Mu 2011 akuba analowa mu DigiNotar, CA ya ku Netherlands, n'kudzisayinira satifiketi ya google.com imene inagwiritsidwa ntchito kuwerenga Gmail ya anthu a ku Iran pafupifupi 300,000, ndipo kampaniyo inagwa chaka chomwecho. Ka Pi kanu kamalankhula ndi seva imodzi yokha, palibe chifukwa choti kazikhulupirira dziko lonse. 

Ngati kampani yanu ili ndi domain, njira inanso ndi Let's Encrypt, CA ya pagulu yaulere. Ndi DNS-01, njira yosonyeza kudzera mu DNS kuti domain ndi yanu, mukhoza kutenga satifiketi ngakhale seva siioneka pa intaneti. Masatifiketi ake akhala a masiku 90 ndiye kukonzanso kuyenera kuchitika kokha, ndipo dziko lonse likulowera komweko, CA/Browser Forum, bungwe la ma CA ndi opanga mabrauza, inagwirizana mu 2025 kuti masiku azichepa pang'onopang'ono mpaka kufika 47 mu March 2029. Lamulo limenelo ndi la ma CA a pagulu, yanu ya mu ofesi silikuikhudza. Mukasankha njira imeneyi ma Pi azilandira ma update, chifukwa pa 30 September 2021 root yakale ya DST Root CA X3 itatha, zida zambiri zakale, makamaka za OpenSSL 1.0.2, zinayamba kukana masatifiketi abwinobwino. Kwa inu ine ndikanasankha CA yanuyanu.

Nanga callback ntchito yake ndi yotani? Ilipo. Mmene ndimaionera ine, callback ndi yowonjezera zifukwa zokanira, osati yokhululukira zimene library yakana. Mzere woyamba ukhale woti ngati preverify_ok ndi 0, lembani error mu log, ndi X509_STORE_CTX_get_error ndi X509_verify_cert_error_string kuti mawa mudziwe chinachitika n'chiyani, kenako bwezani 0. Pokhapokha OpenSSL yakhutira m'pamene mumayamba zanu. Mwachitsanzo pinning, kulandira kiyi yokhayo imene munaisungiratu: mufunse X509_STORE_CTX_get_error_depth, ikakhala 0 mutenge satifiketiyo ndi X509_STORE_CTX_get_current_cert, mutulutse public key yake ndi i2d_X509_PUBKEY, muiwerengere SHA-256, mufananitse ndi imene munasunga mu pulogalamu. Zikasiyana bwezani 0. Muzipina kiyi osati satifiketi yonse, chifukwa satifiketi imasintha nthawi iliyonse mukaikonzanso pamene kiyi mukhoza kukhala nayo yomweyo. Ndipo musaiwale za depth zija, ndaonapo code imene imafananitsa pin pa satifiketi iliyonse ya mu tcheni ndiye imakana root yake yomwe, mwini code n'kutopa n'kubwerera ku return 1.

Koma pinning ndi mpeni, imachekanso mwini wake. Kiyi ija ikatayika ndipo mulibe pin yachiwiri, ma Pi onse aleka kulankhula ndi seva nthawi imodzi ndipo simungawakonze muli kutali ngati njira yowakonzera imadutsa pa kulumikizana komweko. Mabrauza anayesa zimenezi ndi HPKP mu 2015, mawebusayiti ena anadzitsekera okha panja, ndipo Chrome inaichotsa pa version 72 mu 2019. Ndiye mukapina, pangani kiyi yachiwiri yosungira pambali ndipo pin yake ilowe mu pulogalamu kuyambira tsiku loyamba. Kunena zoona, ngati CA ndi yanu, root ndi imodzi, ndipo dzina mukuliona, pinning yowonjezera simukuifuna kwenikweni. Root yanuyo ndi pin kale.

Samalaninso ndi dzina lina lofanana nalo, SSL_CTX_set_cert_verify_callback. Imeneyo imachotseratu kutsimikiza konse kwa OpenSSL n'kuika kwanu, tcheni, masiku, zonse zimakhala pamutu panu pokhapokha muitane nokha X509_verify_cert mkatimo. Musaikhudze. Komanso kulumikizana kukayambiranso ndi session yakale, seva situmizanso satifiketi ndiye callback siitanidwa. A Go analemba poyera kuti VerifyPeerCertificate siitanidwa pa session yobwereza, ndipo anawonjezera VerifyConnection pa 1.15 imene imaitanidwa nthawi zonse. Kwa owerenga ena amene simuli pa C, nkhani ndi yomweyi dzina lokha ndi losiyana: InsecureSkipVerify mu Go, verify=False mu requests ya Python, rejectUnauthorized: false mu Node, curl -k, TrustManager yopanda kanthu mu Android. Ndipo paliponse pali khomo loyenera pambali pake, RootCAs mu Go, verify yoloza fayilo ya CA mu requests, NODE_EXTRA_CA_CERTS mu Node, --cacert mu curl, network security config kuyambira Android 7.

Tsopano ichi ndi chathu cha kuno, ndipo ndikukuuzirani pasadakhale chifukwa chidzakupezani. Raspberry Pi 4 ndi zam'mbuyo mwake zilibe wotchi ya batire. Magetsi akazima, kaya ndi load shedding kaya aba mawaya, Pi imadzuka isakudziwa nthawi, imayambira pa nthawi yomwe inasunga komaliza kapena 1970 kumene, ndipo nthawi zambiri imadzuka msanga kuposa rauta ndiye nthawi yochokera pa intaneti (NTP) imakhala isanafike. Pulogalamu yanu ikayesa kulumikiza nthawi imeneyo mukhoza kuona error 9, certificate is not yet valid. Anyamata a ku depoti adzaimba kuti makina afa, galimoto ikudikira, ndipo mtima udzakuuzani kuti mukhululukire 9 ndi 10, ya satifiketi yotha masiku, mu callback. Musatero achimwene. Mukakhululukira 10 ndiye kuti satifiketi yakale ya pa seva yobedwa ija izigwira ntchito mpaka kale. Konzani wotchiyo. Kawotchi ka batire (RTC) ka DS3231 n'kotchipa, mumakapeza m'mashopu a zamagetsi ndipo kamalumikizidwa pa mapini a I2C, Pi 5 ili nayo kale RTC imangofuna batire. Kapena pulogalamu idikire kaye kuti nthawi ikhazikike, mu systemd muike After=time-sync.target ndi kuyatsa systemd-time-wait-sync. Pakadali pano katundu asikanidwebe, zolembedwazo zisungidwe pa Pi pomwepo n'kutumizidwa netiweki ikabwera, galimoto isaime chifukwa cha satifiketi.

Poti mudzakhala ndi CA yanu, ganizirani mbali inayo. Pano Pi ikutsimikiza seva, nanga seva ikudziwa bwanji kuti amene akutumiza ndi Pi ya ku depoti yanu? Mukhoza kusayinira Pi iliyonse satifiketi yake, seva n'kumaifunsa. Ku seva muike SSL_VERIFY_PEER pamodzi ndi SSL_VERIFY_FAIL_IF_NO_PEER_CERT, chifukwa popanda yachiwiriyo munthu amene sanabweretse satifiketi iliyonse amalowa, callback siitanidwa poti palibe choti iyang'ane, ndipo SSL_get_verify_result imabweza X509_V_OK ngati zonse zili bwino. Apa ndi pamene callback imagwira ntchito yabwino kwambiri, Pi imodzi ikasowa mumaika serial ya satifiketi yake pa mndandanda wokanidwa, zinazo n'kumapitiriza ntchito. Si za lero izi, yambani ndi seva kaye.

Mukamaliza muyese kuti ikane, osangoyesa kuti ilumikize. Pangani satifiketi yodzisayina yokha yokhala ndi dzina lenileni la seva yanu, muiyatse ndi openssl s_server pa laputopu, mulozeko Pi, iyenera kukana. Sayinani ina ndi CA yanu koma ya dzina lina, iyenera kukana ndi hostname mismatch, nambala 62, ikalandira ndiye kuti SSL_set1_host sinaitanidwe pamalo pake. Sunthani wotchi ya Pi kupitirira tsiku lothera, ikane ndi 10. Amene mukugwiritsa ma CA a pagulu, badssl.com ili ndi expired, wrong.host, self-signed ndi untrusted-root zokonzeratu. Mayeso amenewa muwasunge mu script kuti aziyenda nthawi iliyonse code yasintha, chifukwa return 1 amakonda kubwerera usiku wina munthu akamathamangitsa vuto lina n'kuiwala kumuchotsa.

Mukakakamira penapake, thamangitsani openssl s_client -connect ndi dzina la seva ndi port, muwonjezere -CAfile yoloza root yanu, -verify_hostname ndi -showcerts, munditumizire zomwe yatulutsa makamaka mzere wa Verify return code. Kiyi yachinsinsi yokha musanditumizire, ngakhale ine.